Nkhani za pafoni: zatitsegula maso kapena zatisokoneza mitu?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse m'Malawi muno, pafupifupi 52 anali ndi foni ya m'manja. Amene anali ndi wailesi anali 34 okha, ndipo a wailesi ya kanema anali 12. Kwa ife amene tinakula wailesi ya Nzeru ili chuma cha pakhomo, yophimbidwa ndi kansalu koluka ndipo wotsegula ndi bambo okha, ziwerengero zimenezi n'zodabwitsa. Chida chimene TNM inabweretsa mu 1995 ngati cha mabwana a mu Blantyre, Celtel n'kudzachifalitsa kuyambira mu 1999, lero chili m'thumba mwa wakabaza, mwa mayi wogulitsa tomato ndi mwa mlonda wa pageti. Anthu ambiri nkhani amayamba kuimvera pamenepo. Ya maliro, ya mtengo wa feteleza, ya kugwa kwa kwacha, ya nduna yochotsedwa ntchito, zonse zimatulukira m'thumba nthawi ya nkhani pawailesi isanakwane.

Pa chimenechi anthu agawikana. Ena akuti foni yamasula Mmalawi ndi anzake a m'maiko osauka, chifukwa palibenso amene angatseke pakamwa pa dziko lonse. Ena akuti foni yatsegula khomo limene bodza limalowera mosagogoda, yafooketsa utolankhani, ndipo yapatsa boma njira yatsopano yotchera khutu pa zokamba za anthu. Onsewa ali ndi umboni wogwirika, ndipo aliyense wofuna kuweruza ayambe wawamva.

Oikira kumbuyo foni amayambira kumene tachokera. Kwa zaka 30, kuchokera mu 1964, wailesi m'dziko muno inali imodzi, ya MBC, ndipo inkanena zokhazo zimene boma lafuna. Wailesi ya kanema inadzayamba mu 1999. Nyuzipepala za Daily Times ndi Malawi News zinali m'manja mwa Kamuzu Banda. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, boma linalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu. Anthu ankaichulukitsa mobisa pa makina a fotokope, mapepala ena otsutsa boma ankalowa m'dziko kudzera pa fakisi, ndipo ambiri anagona m'chitokosi chifukwa cha pepala limodzi. Wofuna kudziwa zimene zikuchitika ku Zomba ankatsitsa mawu a wailesi usiku n'kusaka BBC kapena Channel Africa. Munthu amene anaona masiku amenewo akamva wina akudandaula kuti pafoni pachuluka zokamba, amayankha kuti phokoso n'labwino kuposa chete uja.

Umboni wawo wachiwiri ndi wa masiku amene boma linayesa kubisa chinthu koma osatheka. Pa 20 Julaye 2011, anthu atatuluka m'misewu kudandaula za kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, bungwe la MACRA linaletsa mawailesi kuulutsa zionetserozo pomwe zikuchitika. Mawailesi anakhala chete, koma mafoni sanakhale chete. Zithunzi za ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zinafika pa Facebook, mauthenga anayenda, ndipo pofika madzulo dziko linali litadziwa kuti apolisi awombera anthu. Anafa anali pafupifupi 20. Chaka chotsatira, Bingu wa Mutharika atagwa pa 5 Epulo 2012, boma linakhala masiku awiri osanena kuti wamwalira. Usiku wa pa 6 Epulo nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa kanema wa boma kunena kuti wachiwiri wake, Joyce Banda, sangalowe m'malo mwake. Koma nkhani inali itayenda kale pamafoni, kuchokera kwa achipatala kupita kwa abale awo, kuchokera kwa abale kupita kumudzi. Chinsinsi chimene anthu mamiliyoni akuchidziwa sichisungika, ndipo pa 7 Epulo Joyce Banda analumbira.

Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 ndicho amachitchula kwambiri. Oyang'anira mavoti a zipani anali ndi mafoni ojambula. Anajambula mapepala a zotsatira pamalo oponyera voti, ndipo zithunzi za mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex zinazungulira pa WhatsApp dziko lonse. Munthu wa ku Nthalire kapena ku Marka anaona ndi maso ake utoto woyera pamwamba pa manambala, osati kungouzidwa. Mlandu utalowa m'khoti, mawailesi anauulutsa tsiku ndi tsiku akumasulira m'Chichewa, ndipo ambiri ankamvera pa kafoni ka mabatani, kachingwe ka m'makutu kali ngati mlongoti wake. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa chisankhocho, anthu n'kukavotanso pa 23 Juni. Oweruza anagamula potsata umboni umene unaperekedwa m'khoti, osati wa pa WhatsApp. Komabe chimene chinachititsa kuti anthu asaiwale, asatope miyezi yonseyo, chinali choti aliyense anali ataona.

Si za ndale zokha. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, makanema a matope akutsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anafika kwa anthu atolankhani asanathe kuwoloka mitsinje. A ku Mulanje ndi ku Phalombe amene misewu yawo inaduka ankaimba kapena kutumiza uthenga kunena pamene atsekeredwa. Amalawi a ku Johannesburg ndi ku London anasonkha ndalama, zina n'kufika kwa ovutika kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo mabanja ambiri anafufuza abale awo poika zithunzi m'magulu a pafoni. Mu Januwale 2021, zipatala zitasowa zipangizo za mpweya pa nthawi ya Covid-19, mlembi Onjezani Kenani anapempha thandizo pa Facebook, anthu wamba n'kusonkha ndalama zogulira zipangizozo, ndipo malipoti a m'mene zagwirira ntchito ankaikidwa poyera pomwepo. Ngakhale uphungu wa zaumoyo unalowa pafoni: ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni, imene inayambira ku Balaka mu 2011, imalola mayi woyembekezera kufunsa wachipatala asanayende mtunda.

M'maiko ena n'chimodzimodzi. Ku Kenya, ziwawa zitabuka pambuyo pa chisankho cha mu Disembala 2007, achinyamata anapanga Ushahidi, njira yosonkhanitsira mauthenga a pafoni a anthu amene aona zachiwawa n'kuwaika pa mapu. Mu Juni 2024 achinyamata a dziko lomwelo anamemana pa TikTok ndi pa X kukana misonkho yatsopano, mpaka mtsogoleri wa dzikolo, William Ruto, anabweza bilu ya misonkhoyo. Ku Mozambique, chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha, mtsogoleri wotsutsa boma Venâncio Mondlane ankalankhula ndi omutsatira pa Facebook ali kunja kwa dziko, ndipo mawu ake ankamveka mpaka ku Tete ndi ku Angónia.

Mfundo imene ine ndimaiona yolemera kwambiri kumbali imeneyi ndi ya chilankhulo. Nyuzipepala zathu zazikulu zimalembedwa m'Chingerezi. Chichewa chimapatsidwa timasamba ta kumapeto kwa sabata, Tamvani ndi Tikambe, ndipo Chiyao, Chilhomwe, Chisena ndi Chinkhonde sizioneka n'komwe. Pepala lenilenilo kumidzi silifika, ndipo likafika limakhala litakulungidwa kale nsomba. Kalembera yemwe uja anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse satha kuwerenga ndi kulemba. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp unathetsa zonsezi nthawi imodzi. Agogo osadziwa chilembo amadina, n'kumva m'chilankhulo chawo, n'kuyankha. Kwa nthawi yoyamba munthu wa kumudzi sakungolandira nkhani koma akuitumizanso. Mlatho ukakokoloka, feteleza wa makuponi akamagulitsidwa kuseri, mankhwala akatha pachipatala, iye amajambula n'kutumiza ku wailesi. Pulogalamu ya Nkhani za M'maboma ya pa MBC inatchuka chifukwa inkanena za anthu wamba, ndipo lero mudzi uliwonse uli ndi yakeyake.

Otsutsa amayambira pa uthenga wa mawu womwewo. Tonse tinaumvapo. Munthu sanena dzina lake. Amayamba ndi kupuma movutika, n'kunena kuti abale anga, zimene ndaona kuno ndi maso angawa sindingazibise. Amatchula malo enieni, msika wodziwika kapena chipatala cha boma, kuti mumkhulupirire. Amati mlamu wake amagwira ntchito kumeneko. Pomaliza amakupemphani kuti mutumize kwa aliyense amene mumamukonda zisanafufutidwe. Uthengawo ukafika m'gulu la mpingo, la banja kapena la banki m'khonde, wotumiza ndi azakhali anu kapena mkulu wa mpingo, munthu amene simungamufunse kuti mwazitenga kuti. Mphamvu ya bodza la pafoni ili pamenepo: limafika litavala nkhope ya mbale wako. Nyuzipepala ikanama pali mkonzi womusumira, pali ofesi yopitako, pali bungwe la Media Council lokadandaulako. Mwini wa mawu aja sapezeka.

Zotsatira zake taziona. Katemera wa Covid-19 atafika mu 2021, mauthenga anayenda kuti amaumitsa chiberekero, kuti ndi chizindikiro cha 666, kuti wobayitsa afa pakatha zaka ziwiri. Mu Meyi chaka chomwecho boma linatentha katemera 19,610 wa AstraZeneca amene anatha mphamvu. N'zoona kuti katemerayo anafika atatsala ndi masabata ochepa, koma mizere ya obayitsa inalinso itafupika chifukwa cha mantha. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, mphekesera zoti achipatala akubaya anthu dala zinachititsa kuti odwala ena abisidwe m'nyumba, ndipo zipatala zina zinagendedwa. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 nkhani ya anamapopa inagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu mpaka kulowa mu Blantyre. Anthu osachepera asanu ndi anayi anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Apa oikira kumbuyo foni amayankha kuti anamapopa analiponso mu 2002, mafoni asanafale, ndipo akunena zoona. Foni sinabale mphekesera. Koma mphekesera imene inkayenda ndi miyendo, kugona panjira, kukumana ndi mfumu kapena mphunzitsi woifunsa mafunso, lero imafika maboma asanu usiku umodzi. Ku India, mu 2017 ndi 2018, anthu ambiri anaphedwa chifukwa cha makanema abodza onena za akuba ana, mpaka kampani ya WhatsApp inachepetsa malo amene munthu angatumizeko uthenga nthawi imodzi kukhala asanu.

Pa 10 Juni 2024, ndege imene munali Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu itasowa, tinaona mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Anthu anadziwira pafoni kuti ndege yasowa boma lisanalankhule zomveka, ndipo kufunsa kwawo kunali koyenera. Koma maola amenewo anadzaza ndi zopeka: ena ankati yatera kwina, ena ankati onse ali moyo. Ndegeyo itapezeka m'nkhalango ya Chikangawa tsiku lotsatira, zithunzi za matupi zinayenda m'magulu osaganizira kuti amasiye ndi ana nawonso ali ndi mafoni. Pachikhalidwe chathu uthenga wa maliro uli ndi anthu ake ounyamula, uli ndi nthawi yake ndi mawu ake. Lero mayi amamva za imfa ya mwana wake poona chithunzi cha ngozi ya minibasi chimene munthu wodutsa wajambula m'malo mothandiza ovulala. Ichi chimandiwawa, ndipo sindiona ufulu uliwonse umene ungachilungamitse.

Pali china chimene sichikambidwa mokwanira, ndipo kwa ine ndipo pagona nkhani: m'mene intaneti imagulitsidwira. Munthu wa ndalama zochepa sagula bandulo yolowera paliponse. Amagula ya WhatsApp kapena ya Facebook, ya tsiku kapena ya sabata, chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Ndi bandulo imeneyo mphekesera imamufika kwaulere, koma akafuna kudina kuti atsegule tsamba la Nation, la Times kapena la unduna wa zaumoyo kuti aone ngati n'zoona, foni imamuuza kuti alibe mayunitsi. Amaona mutu wa nkhani wokha ndi ndemanga za anthu pansi pake. Choncho tikamanena kuti anthu athu amakhulupirira chilichonse, timawalakwira. Bodza tawapatsa motchipa, choonadi tachiikira mtengo. Boma nalo linawonjezera katundu: mu 2015 linaika msonkho wa K10 pa K100 iliyonse pa intaneti ndi mauthenga olemba, pamwamba pa VAT. Achinyamata atachita kampeni yoti mitengo ya intaneti itsike mu 2020, makampani anatsitsako, koma kusiyana kwa mabandulo kudakalipo. Dziko la India linaona vuto lofanana nalo pamene Facebook inabweretsa Free Basics, intaneti yaulere ya masamba osankhidwa ndi kampaniyo, ndipo linaikana mu 2016. Kuno inalandiridwa mu 2015.

Otsutsa amafunsanso kuti, kodi amene amafufuza nkhani azilipidwa ndi ndani? Nkhani yeniyeni imadya ndalama. Mtolankhani amakwera basi kupita ku Nsanje, amagona kumeneko, amakhala sabata zitatu akuwerenga mapepala a kontrakiti, mkonzi amatsimikiza, loya amaunika. Kale ndalama zimenezo zinkachokera kwa ogula nyuzipepala ndi otsatsa malonda. Lero nyuzipepala ya m'mawa imajambulidwa n'kumwazidwa m'magulu dzuwa lisanakwere, wogula n'kusowa. Wamalonda amatsatsa yekha pa Facebook, ndalama zake n'kupita ku America. Pepala losindikizira limagulidwa kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake unakwera. Mtolankhani wolandira zochepa amadalira chipondamthengo chimene okonza msonkhano amapereka, ndipo wolandira chipondamthengo savuta kumuweta. Pambali pake pamera masamba osadziwika mwini, ena olipidwa ndi andale kuti azinyoza anzawo, ena ongosaka anthu odina. Chodabwitsa n'chakuti nkhani zambiri zoona zimene timatumizirana pafoni zimayambira kwa atolankhani omwewa amene tikuwasowetsa chakudya. Akatha, pafoni padzatsala ndemanga zokhazokha.

Ndipo foni sinafike kwa onse mofanana. Mu 2018 mabanja 16 okha mwa 100 anali ndi intaneti, ndipo amene ankaunikira magetsi anali 11. Pitani pamsika wa kumudzi mukaone kashopu kotchajira: sola padenga, batire ya galimoto pansi, thabwa lodzaza ndi masoketi, foni iliyonse itamatidwa kapepala ka dzina la mwini. Munthu amasiya foni m'mawa, amalipira, amakaitenga madzulo, ndipo akafika kunyumba amaizima kuti moto usathe. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo imayenda ndi bambo. Mayi amamva nkhani imene bambo asankha kumuuza. Zimene timazitcha maganizo a Amalawi pa masamba a mchezo nthawi zambiri ndi maganizo a anthu a m'tauni, achinyamata, amuna, odziwa Chingerezi. Andale amene amayesa kutchuka kwawo ndi Facebook amadzadabwa tsiku lowerenga mavoti.

Mfundo yomaliza ya otsutsa ndi yoti boma laphunzira. Foni imadalira nsanja za netiweki, nsanja zili ndi eni, ndipo eni ali ndi chiphaso chimene boma lingalande. Ku Uganda anaika msonkho wa mashilingi 200 patsiku pa masamba a mchezo mu 2018, ndipo mu Januwale 2021 anazimitsa intaneti yonse pa chisankho. Ku Zimbabwe anaizimitsa mu Januwale 2019 anthu atakwiya ndi mtengo wa mafuta. Ku Zambia WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa pa 12 Ogasiti 2021, tsiku lovota. Ku Nigeria Twitter inaletsedwa kwa miyezi isanu ndi iwiri. Ku Mozambique intaneti ya pafoni inkadulidwa pa zionetsero za 2024. Kuno kwathu, kuyambira mu 2018 simu khadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, kotero wonena chilichonse amadziwika. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lagwiritsidwa ntchito kumanga anthu wamba chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook zokhudza atsogoleri, pansi pa maboma a zipani zosiyana. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anam'patsa chikalata cha nkhani ya katangale. Foni ya mtolankhani imasunga mayina a onse amene amam'tsina khutu, ndipo ikalandidwa onsewo ali pamtetete.

Nanga tigamula bwanji? Ine ndili kumbali ya foni, koma osati pa zifukwa zonse zimene oikonda amapereka. Sindivomereza kuti aliyense wokhala ndi foni ndi mtolankhani. Wojambula matope a ku Chilobwe ndi mboni, ndipo mboni ndi yofunika, koma ntchito yofunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu analoledwa kumanga m'mphepete mwa phiri, kapena kuti ndalama za thandizo zinapita kuti, imafuna munthu wophunzitsidwa, wolipidwa ndi woyankha mlandu akalakwitsa. Mukayang'anitsitsa zitsanzo zambiri zimene foni inachita bwino, mupeza kuti sinali yokha. Mu 2019 panali makhoti ndi mawailesi. Pa Freddy panali Zodiak, MBC, Times ndi mawailesi a m'madera amene ankatsimikiza mauthenga asanawaulutse. Foni imanyamula, ena amasefa.

Koma sindivomerezanso mankhwala amene otsutsa ambiri amathamangira, oti boma likhwimitse malamulo ndi kuyang'anira masamba a mchezo. Mndandanda wa maiko ndautchula uja ukuonetsa kuti mphamvu yotere ikaperekedwa, woyamba kugwidwa sakhala wofalitsa bodza la katemera. Amakhala wodzudzula mtsogoleri. Mu Juni 2019 MACRA inaimitsa mapulogalamu oimba foni pawailesi ponena kuti akukolezera chidani, pa nthawi yomwe anthu ankafunsa za Tipp-Ex, ndipo zinatengera khoti kuti abwerere. Mphekesera zimakula pamene eni nkhani akhala chete. Masiku awiri a mu Epulo 2012 ndi maola a pa 10 Juni 2024 anadzaza ndi zokamba chifukwa amene ankadziwa sanalankhule msanga. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Maofesi atamalitsata, theka la mphekesera likhoza kufa lokha.

Zimene zingathandize si zachilendo, ena akuzichita kale. Ku Zimbabwe 263Chat imatumiza nyuzipepala yake pa WhatsApp. Ku South Africa nyuzipepala ya The Continent, imene inayamba mu 2020, inapangidwira kuwerengedwa pafoni ndi kutumizirana, kotero imalowa ndi bandulo yotchipa yomwe ija. Nyumba zathu zofalitsa nkhani zili ndi masamba a Facebook, koma zambiri zimalembabe m'Chingerezi n'kuika ulalo umene wa bandulo ya WhatsApp sangatsegule. Chofunika ndi nkhani yotsimikizika, ya mphindi ziwiri, yolankhulidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena, yotchula dzina la mtolankhani ndi tsiku, yopepuka kuti ilowe m'gulu la mpingo ndi la banki m'khonde momwe bodza limalowera. Makampani a California sadzatichitira zimenezi. Makina awo osefera amamva Chingerezi kuposa zilankhulo zathu, ndipo mauthenga a pa WhatsApp ndi otsekedwa moti ngakhale eni kampani sawaona.

Choncho pempho langa likupita kwa anthu anayi. A Nyumba ya Malamulo achotse msonkho wowonjezera pa intaneti, ndipo akonze ndime za lamulo la 2016 zimene zimamangitsa munthu chifukwa chonyoza mtsogoleri. A MACRA akambirane ndi Airtel ndi TNM kuti masamba a nyumba zofalitsa nkhani zovomerezeka ndi a unduna wa zaumoyo azitseguka ndi bandulo iliyonse. Akonzi a nkhani atumize atolankhani awo kumene anthu ali, m'chilankhulo chimene anthu amalankhula, ndipo ife owerenga tivomere kulipira kangachepe pa Mpamba kapena pa Airtel Money m'malo momwaza nyuzipepala yojambula. Wachinayi ndinu amene muli ndi foni m'manja. Uthenga wopanda dzina, wopanda tsiku, wokuuzani kuti mutumize msanga, usiyeni ugone kaye, mumvere wailesi madzulo. Ndipo mukafika pamalo a ngozi, thandizani ovulala, musajambule akufa.